Funso: matikiti otchipa a ku zoo, nanga ife a NRPF titani?

Membala wosatchula dzina

Moni nonse a m'gulu lino. A admin zikomo pondibisira dzina, chifukwa nkhaniyi ikukhudza mapepala komanso achibale, ndipo ena mwa achibalewo ali momwemuno.

Ine ndimakhala ku Luton, kuno ku England. Ndinabwera mu 2023 pa visa ya Health and Care, ndimayenda m'makomo kusamalira okalamba. Abambo akunyumba ndi ana athu awiri ananditsatira lamulo loletsa ma care worker kubweretsa mabanja lisanayambe mu March 2024. Tonse anayi visa yathu ndi ya no recourse to public funds (NRPF), kutanthauza kuti sitiloledwa kulandira ma benefit a boma, ndiye Universal Credit kapena Child Benefit sitiyandikirako n'komwe. Abambowo amagwira ku warehouse kudzera pa agency, koma miyezi ino ma shift akungobwera mwa apo ndi apo. Tikalipira lendi, council tax, magetsi ndi gasi, mafuta a galimoto yomwe ndimayendera kwa ma client, n'kutumiza kangachepe kumudzi, zotsala zimakhala za chakudya basi.

Wamng'ono wathu ali Year 2, ndipo teremu ino akhala akuphunzira za nyama. Aphunzitsi atafunsa amene anapitako ku zoo, anzake ambiri anaimika manja. Iye sanandiuze kanthu. Ndinachita kumva kwa mkulu wake kuti nayenso anaimika dzanja, kenako atafunsidwa nyama yomwe anakaona anangozyolika. Chiyambire pamenepo akumajambula njovu paliponse, pa maenvulopu a makalata, mpaka kuseri kwa rota yanga yomwe ndimamata pa firiji. Anachoka kumudzi ali ndi zaka 4. Kwathu ndi ku Balaka, Liwonde ali pafupi pomwepo, koma njovu sanaionepo ndi maso ake.

Ndinayang'ana mitengo ya London Zoo. Akulu awiri ndi ana awiri imadutsa £100, sitima ndi chakudya tisanawerengere. Ndalama imeneyo sindingaitulutse pa tsiku limodzi.

Tsono alamu anga, achemwali awo a abambo akunyumba, ali ndi ILR, chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale, ndipo amalandira Universal Credit chifukwa akulera okha mwana. Iwowa ndi amene anandiuza kuti ZSL, bungwe lomwe limayendetsa London Zoo ndi Whipsnade, limagulitsa matikiti otsika mtengo kwambiri kwa mabanja olandira ma benefit, ndipo nyumba imodzi ikhoza kubuka mpaka anthu 6. Akuti, "Ine ndi mwana tilipo awiri, malo anayi akungokhala. Ndikubukirani, tikalowe limodzi pa holide ya half term." Anena ndi mtima wabwino. Koma sitikhala nyumba imodzi. Iwo ali ndi adiresi yawo, ife tili ndi yathu.

Chikundisowetsa tulo n'chakuti, kodi tikiti ngati imeneyi siiwerengedwa ngati public funds? Ndakhala ndikusamala chifikireni, ngakhale food bank ndimaopa kuyandikira. Chimvereni kuti mu May 2025 boma linabwera ndi ganizo lokweza zaka zodikira ILR kuchoka pa 5 kufika pa 10, mantha anangowonjezeka. Sindikufuna kudzakanizidwa mapepala chifukwa cha tsiku limodzi lokaona nyama. Chinanso, kodi kulowa pa dzina la alamu pomwe sitikhala limodzi n'kololedwa, ndipo iwowo sizingawabweretsere mavuto? Ngati zonsezi sizingatheke, ilipo njira ina yoti ife a NRPF tilowere motchipa? Ndithandizeni maganizo, half term yayandikira.

NaBanda wa ku Leeds

Asisi musadzizunze. Pitani ndi alamu anuwo, umboni amaonetsa ndi amene wabuka. Ana ndi a m'banja limodzi, azakhali awo akuwatenga, cholakwika n'chiyani pamenepa? Mwana aone njovu.

Bambo a Chisomo, Coventry

Mayi, ndimathandizako mongodzipereka ku bungwe lina loona za anthu obwera. Sindine loya, koma funso lanu loyambalo ndimakumana nalo kawirikawiri.

Public funds si chilichonse chaulere kapena chotchipa ayi. Ndi mndandanda womwe unalembedwa mu Immigration Rules, ndipo uli pa gov.uk, aliyense akhoza kuwerenga. Muli Universal Credit, Child Benefit, Housing Benefit, Pension Credit, PIP, Carer's Allowance, kuchotseredwa council tax, nyumba za council ndi zina zotero. Chomwe mulibe mumndandandamo si public funds. N'chifukwa chake ana anu amaphunzira sukulu yaboma, ndipo inu mukadwala mukhoza kulandira Statutory Sick Pay, popanda kukhudza visa. ZSL ndi charity, si nthambi ya boma, ndipo tikiti ya ku zoo mumndandandamo mulibe. Food bank yomwe mukuiopayo mulibenso. Ambiri mwa ife tikugona ndi njala chifukwa cha mantha a chinthu chomwe lamulo silinaletse, ndipo zimandipweteka.

Koma funso lachiwirilo ndi lina. Kumeneko nkhani si ya Home Office yoona za ma visa, ndi ya malamulo a zoo eni ake. Iwo anati matikiti ndi a anthu a nyumba imodzi. Mukafuna mtendere weniweni pa za mapepala, funsani Citizens Advice kapena mlangizi wolembetsedwa ku Immigration Advice Authority, yomwe kale inkatchedwa OISC. Musamvere za pa WhatsApp.

Membala wosatchula dzina

Zikomo kwambiri bambo. Za food bank sindinkadziwa, mtima wakhalako pansi.

Mayi Busa, Milton Keynes

Mwanangu, ine ndinena zomwe ena sangakonde. Mwatiuza nokha kuti simukhala nyumba imodzi. Ndiye kuti yankho mukulidziwa kale, kungoti chikondi cha mwana chikukukokani. Taganizani mutafika pa geti, munthu n'kufunsa mwaulemu kuti nonsenu ndi a nyumba imodzi? Muyankha chiyani ana ali pomwepo akumva? Mwana yemweyu anaimika dzanja m'kalasi chifukwa cha manyazi. Asaone amayi ake akuchita zomwezo pa geti.

Komanso matikiti amenewa ali ndi chiwerengero pa tsiku. Banja lina lomwe likuyenera likhoza kupeza atha.

NaBanda wa ku Leeds

Amayi, ndi ulemu wonse, "banja lomwe likuyenera" ndi liti kuposa ili? Mayiyu amadzuka usiku kukasambitsa agogo a eni dziko, amadula tax ndi National Insurance mwezi uliwonse, ndipo ndalama yomwe imatsala m'nyumba mwake mwina ndi yochepa kuposa ya ena omwe ali pa Universal Credit. Kusauka kwake n'komweko, kungoti alibe kalata yokuonetsa.

Mayi Busa, Milton Keynes

Pamenepo sindikutsutsa mwanangu, mwanena zoona. Koma ngati lamulo lasiya anthu panja, tiwauze eni ake poyera kuti mwatisiya. Tikamalowera kuseri iwo sadzadziwa kuti tilipo.

Achimwene a ku Croydon

Vuto lagona pomwe a NaBanda akhudzapo. Malo ambiri omwe anayamba zimenezi, Kew Gardens ndi tikiti ya £1 mu 2022, Tower of London ndi Hampton Court nawonso £1, onse anasankha ma benefit ngati umboni chifukwa ndi wosavuta kuona. Munthu wa pa geti sangakhale pansi kuwerenga ma payslip a aliyense. Amangoti tsegulani akaunti yanu ya Universal Credit pa foni, aone dzina ndi malipiro a posachedwa, mwalowa. Njirayi ndi yachangu, koma imasiya panja aliyense amene visa yake imamuletsa kulandira ma benefit, ndipo ambiri mwa amenewo ndi ma carer ngati inu. Sindikuganiza kuti anachita dala. Sanatiganizire chabe.

Za London Zoo ndikukumbukira February 2023, matikiti ali £3 pa munthu. Nkhani inafala pa Facebook ndi TikTok nthawi ya half term, anthu anakhamukira kumeneko, mizere inatalika mpaka zinalembedwa m'manyuzipepala. Kwa amene muli pa Universal Credit (UC) m'gulu muno, bukani pa intaneti nthawi ilipo, pa geti sagulitsa, ndipo masiku a holide amatha msanga. Mtengo wake muone pa website tsiku lomwe mukubuka.

Kwa inu mayi, langizo langa ndi lakuti alembereni email. Fotokozani kuti ndinu care worker, muli pa NRPF, ndalama ndi zochepa, ndipo funsani zinthu ziwiri: ngati ali ndi njira ya mabanja ngati lanu, komanso ngati azakhali omwe ali pa UC angatenge ana a mchimwene wawo pa booking yawo. Akavomera muli ndi kalata m'manja. Akakana mwadziwa musanawononge ndalama ya sitima.

Malume wa ku Slough

Koma abale tinabwera kuno kudzasaka kapena kudzaona nyama? Ife tinakula osapita ku zoo ndipo tili bwinobwino. £100 imeneyo kumudzi ndi matumba a chimanga. Mwana muuzeni zoona kuti ndalama palibe, adzapita akadzakula.

Mayi a mapasa, Northampton

Amalume, ife tinakulira komwe anzathu onse m'kalasi anali ngati ife. Palibe ankafunsidwa kuti holide unapita kuti. Ana athuwa Lolemba lililonse amakhala pa kapeti kufotokoza zomwe anachita pa weekend, ndipo wako akakhala chete sabata ndi sabata amayamba kudziona ngati wosiyana. Mayiyu sanapemphe ndalama kwa munthu, wafunsa njira. Ndipo wanena kale kuti kumudzi amatumiza.

Malume wa ku Slough

Ndamva mayi. Ine ana anga ali kumudzi, za pa kapetizo sindimaziona. Pepani ngati ndalankhula mokhadzula.

NaPhiri, Dunstable

Asisi dikirani kaye musanagule tikiti ya sitima. Ngati mwana akufuna njovu, ku London Zoo kulibe njovu. Anazisamutsa mu 2001 kupita ku Whipsnade, ndipo Whipsnade ili pakhomo panu pomwepa, kungodutsa Dunstable. Ku London kuli mikango, ma tiger, ma gorilla, akadyansonga ndi ma penguin, koma malowo ndi ochepa, ali m'kati mwa Regent's Park. Whipsnade ndi yaikulu, maekala 600, ndipo njovu zimakhala ndi bwalo lalikulu loyendamo. Ndi za ku Asia, makutu ake ndi ang'onoang'ono poyerekeza ndi za ku Liwonde, mumuuziretu kuti asadabwe.

Popeza galimoto muli nayo, ndalama ya sitima za Thameslink ndi Tube yapulumuka. Tengani chakudya chanu m'chikwama, mpunga, nkhuku, madzi, chifukwa zogula m'katimo n'zodula ndipo malo okhala n'kudya alipo ambiri. Valani majekete enieni. Malowo ali pamwamba pa phiri, mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa, ndipo kuyenda n'kwambiri. Mwana wa Year 2 pofika masana amakhala atatopa, ndiye yambirani ku njovu m'mawa.

Matikiti a Universal Credit aja amagwiranso ku Whipsnade, ndi bungwe limodzi, choncho funso lanu la alamu likadali pomwepo.

Membala wosatchula dzina

Asisi a ku Dunstable mwandithandiza kwabasi. Ine maganizo onse anali pa London. Chikwangwani cha Whipsnade ndimachidutsa ndikamapita kwa client wina, osadziwa kuti njovu zili komweko.

Mlongo wanu wa ku Reading

Muli ndi Blue Light Card, khadi lopezera ma discount? Ma care worker amaloledwa, ndi £4.99 kwa zaka ziwiri, mumangotumiza ID yakuntchito kapena payslip. Lowani mu app muone malo okaona nyama omwe ali ndi discount nthawi ino. Iyi ndi yanuyanu, mwaipeza ndi ntchito yanu, palibe kudalira dzina la munthu.

Ina ndi Days Out Guide ya National Rail, ija ya awiri kulowa pa mtengo wa mmodzi mukayenda pa sitima. London Zoo yakhala ikupezekamo. Koma pamafunika matikiti enieni a sitima, Oyster kapena kugunditsa khadi la ku banki sizigwira. Kuchokera ku Luton muwerengere bwino, mwina ndalama ya sitima ikhoza kudya zomwe mwapulumutsazo.

Funsaninso ku sukulu. Ngati kalasi ikuphunzira za nyama n'kutheka kuti pali ulendo womwe akukonza, ndipo sukulu zimalipira mtengo wotsika pa mwana aliyense.

Bambo a Chisomo, Coventry

Pa za sukulupo ndiwonjezere chinthu chomwe ambiri a NRPF sachidziwa. Kuyambira April 2022, ku England mabanja a NRPF amaloledwa kulembetsa free school meals, chakudya chaulere cha ana kusukulu, ngati ndalama zolowa m'nyumba sizikudutsa malire, ndipo izi si public funds. Pomwe lamuloli linkayamba, kunja kwa London malire anali £22,700 pa chaka kwa banja la mwana mmodzi ndi £26,300 kwa la ana awiri kapena kuposa, komanso ndalama zosunga zisapitirire £16,000. Fomu yake imapezeka ku ofesi ya sukulu.

Mwina munena kuti wamng'onoyo amadya kale ulere. Inde, ana onse a Reception mpaka Year 2 amadya ulere, koma chimenecho n'chosiyana. Mukalembetsa mwa njira ya ndalama zochepayi, mkulu wakenso amadya, sukulu imalandira pupil premium, ndalama yowonjezera yochokera ku boma, yomwe sukulu zina zimathandizira nayo pa maulendo, ndipo ana amalowa mu HAF, pulogalamu ya council ya zochitika ndi chakudya pa holide za Easter, chilimwe ndi Khirisimasi. Magulu ena a HAF amatenga ana kupita kokayenda. Popeza ma shift a bambo atsika, khalani pansi muwerengetse, mwina muli pansi pa malirewo. Ngakhale mutadutsa pang'ono, ma council amaloledwa kugwiritsa ntchito gawo lina la ndalama za HAF pa ana omwe sali pa free school meals, ndiye kufunsa sikulakwa.

Mayi a mapasa, Northampton

Podikira zonsezi, pitani nawo ku Tring. Kuli Natural History Museum yaing'ono, kulowa ndi ulere, ndipo kuchokera ku Luton pa galimoto si patali. Nyama zake si zamoyo, ndi zoumika, zomwe anasonkhanitsa Walter Rothschild kalekale, koma zilipo zambirimbiri m'magalasi kuyambira pansi mpaka kudenga: mbidzi, mikango, zimbalangondo, mbalame za mitundumitundu. Anga anaima pa galasi la mbidzi mphuno zitagunda pagalasipo, kuwerenga mizere, mpaka ndinachita kuwakoka. Tengani mapepala ndi mapensulo, mwana wokonda kujambula ngati wanuyo sadzafuna kutuluka. Sizilowa m'malo mwa njovu yamoyo, koma Lolemba adzakhala ndi chonena chomwe anaona ndi maso ake.

Pobwerera dzerani msewu wa kumunsi kwa Dunstable Downs, muwaonetse mkango woyera waukulu womwe unajambulidwa paphiri la Whipsnade. Umaoneka uli patali.

NaBanda wa ku Leeds

Zonsezi n'zabwino, koma ine ndikadali pomwe ndinaima. Alamu atenge ana okhawo, akuluakulu mutsale. Azakhali kutenga ana a mchimwene wawo si kuba.

Achimwene a ku Croydon

N'chifukwa chake ndati afunse funso limenelo mu email momwe lilili. Mwina avomera. Wina anandilembera ku inbox kuti alamuwo akhoza kudulidwa UC chifukwa zioneka ngati m'nyumba mwawo mukukhala anthu ena. Booking ya ku zoo si fomu ya DWP, nthambi ya boma yopereka ma benefit, zimenezo tisaopsezane nazo. Chomwe chingachitike ngati a pa geti aona kuti malamulo awo sanatsatidwe ndi kukuuzani kuti mulipire mtengo wonse kapena mubwerere, ana ali pomwepo.

Membala wosatchula dzina

Abale zikomo nonse, ndawerenga ndemanga iliyonse pa break. Ndakambirana ndi abambo akunyumba. Ife akuluakulu pa booking ya alamu sitilowapo, zimenezo tagwirizana. Za ana ndalemba email ija monga ananenera achimwene a ku Croydon, ndafotokoza zonse poyera, za NRPF ndi za azakhali awo, ndipo ndidzakuuzani zomwe ayankhe kuti ena omwe ali ngati ine adziwe. Blue Light Card ndalembetsa. Fomu ya free school meals ndikatenga ku ofesi ya sukulu mawa ndikamakasiya ana. Loweruka likubwerali ndili off, tipita ku Tring.

Chatsala chovuta ndi alamu. Anayamba kale kuuza mwana wawo kuti apita ndi asuweni ake, ndipo ndi munthu amene nkhani ya Universal Credit imamupweteka, chifukwa achibale ena anawanenapo kuti amadya za boma. Ndikawauza kuti sitilowa pa dzina lawo, ndikuopa aziona ngati ndikunyansidwa ndi thandizo lawo kapena ndikudziyesa wolungama kuposa iwo. Abambo akuti ndiwauze ndine poti nkhaniyi tinayamba awiri, ine ndikuona kuti ayambe iwo poti ndi mlongo wawo. Amene munadutsapo m'zoterezi ndi achibale a kuchimuna, munayamba bwanji?

Mayi Busa, Milton Keynes

Mupite nonse awiri kunyumba kwawo, osati pa foni. Ayambe bambowo kuthokoza, inu mufotokoze za email ndi kuti mukudikira yankho la ana. Ndipo muwapemphe Loweruka akwere nanu galimoto ya ku Tring ndi mwana wawoyo, kuti asuweniwo ayendebe limodzi monga analonjezedwa.

NaPhiri, Dunstable

Galimoto yanu anthu 6 sakwana. Ine Loweruka ndili free ndipo booster seat ndili nayo yapadera. Ndilembereni ku inbox kudzera kwa a admin, nditenga alamu anu ndi mwana wawo, tikakumane pa car park ku Tring cha m'ma 10.